Mawu Ofotokoza Zida za AI: Timawayesa Bwanji?

Kodi chida n'chiyani pa nkhani ya AI?

Mapulogalamu monga ChatGPT ndi Claude paokha amangotulutsa mawu. Kuti afufuze pa intaneti, atsegule fayilo kapena asinthe tikiti ya ndege, amaitana kapulogalamu kena kodziwa ntchitoyo. Kameneko ndiye chida. Kampani ya OpenAI inatsegula njira yoitanira zida mu June 2023, ndipo mu November 2024 Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, mwachidule MCP, kuti zida zizilumikizidwa m'njira imodzi.

Nanga AI imadziwa bwanji chida choyenera?

Mkati mwa chidacho siionamo. Imangolandira dzina lake, ziganizo zingapo zofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zofunika kulowetsa, wolembedwa m'kalembedwe kotchedwa JSON Schema. Zili ngati waganyu amene wafika eni nyumba atachoka n'kupeza kapepala pakhomo: zimene kapepalako sikananene, angoganizira yekha. Zida ziwiri zikafanana mayina, kapena malo olowetsa tsiku akapanda kunena ngati mwezi uyambe kapena tsiku, kulakwitsa kumayambira pomwepo.

Katswiri atawerenga n'kuona kuti mawuwo ndi omveka, sikokwanira?

Ayi. Amene anapanga chida amachidziwa kale, choncho mipata imene yatsala m'mawu ake amaidzaza m'mutu mwake osazindikira. Mawu osalala akhoza kusocheretsa, pamene chiganizo chimodzi chosakongola, chonena kuti chidachi musachigwiritse ntchito pa zakutizakuti, chikhoza kukonza zonse.

Tsono kuyesa kwenikweni kumayenda bwanji?

Mumasonkhanitsa ntchito zofanana ndi zimene anthu amapemphadi, makamaka zofuna zida zingapo motsatizana, ndipo iliyonse ikhale ndi yankho lotheka kulitsimikiza. AI izigwira mobwerezabwereza, poti lero ikhoza mawa n'kulephera ntchito yomweyo. Mumawerenga kuti yakhoza kangati, yaitana zida kangati, ndi kangati pamene chida chakana zimene yalowetsa. Kenako mumasintha mawu ofotokozera okha, zina zonse osakhudza, n'kuyesanso. Ntchito zina muzibise mpaka kumapeto, kuopa kuti mungasule mawu ongokhozera mayeso anuwo.

Koma manambala amangoti pali vuto, satchula malo ake. Pamafunika munthu woleza mtima woti awerenge zonse zimene AI inachita, sitepe ndi sitepe. Ntchito yotopetsa, inde, koma golide ali momwemo. Anthropic inafotokoza kuti pokonza chida chofufuzira pa intaneti inapeza Claude akuwonjezera 2025 pa mawu ofufuzira popanda chifukwa, zotsatira n'kumapendekera mbali imodzi. Anakonza mawu ofotokoza chidacho ndipo vutolo linachepa. Pa mayeso ena otchedwa SWE-bench, Anthropic inapezanso kuti AI inkasochera ndi maadiresi achidule a mafayilo ikasamukira m'foda ina. Apo mankhwala sanali mawu okha: chidacho anachisintha kuti chizilandira adiresi yathunthu basi.

Palibe mayeso opangidwa kale oti munthu angotenga?

Alipo. Berkeley Function Calling Leaderboard ya ku University of California, Berkeley, imaona ngati AI yaitana chida choyenera ndi zolowetsa zoyenera. Mu 2024 kampani ya Sierra inatulutsa tau-bench, yotsanzira ntchito yothandiza makasitomala a sitolo ndi a ndege. Pa mayesowo, AI yotchedwa GPT-4o inakhoza ntchito zosakwana theka panthawiyo. Komatu mayesowa amapikisanitsa ma AI pa zida za eni mayesowo. Za mawu anu, pa chida chanu, sanenapo kanthu.

Kodi mawu ofotokoza chida angavulaze munthu?

Angathe, chifukwa AI imawatenga ngati malangizo. Mu April 2025 ofufuza a Invariant Labs anaonetsa kuti munthu wachinyengo akhoza kubisa malamulo m'mawuwo, mwachitsanzo kuuza AI kuti iwerenge fayilo yachinsinsi n'kuitumiza kunja, mwini kompyuta akungoona dzina losalakwa la chidacho. Choncho poyesa chida cha munthu wina werengani mawu onse amene AI imalandira, ndipo muwawerengenso chidacho chikasinthidwa.