Tsabola ndi feteleza wa potaziyamu: mafunso a alimi

Ndimathira chitowe ndi yuriya chaka chilichonse. Kodi sizokwanira?

Pa chimanga zingakhale zokwanira, koma pa tsabola ayi. Onani manambala a pa thumba. Loyamba ndi la nayitrojeni, lachiwiri la fosiforasi, lachitatu la potaziyamu. Chitowe chakale ndi 23:21:0+4S, ndipo 0 ameneyo akutanthauza kuti mulibe potaziyamu ngakhale pang'ono. Yuriya ndi CAN namonso mulibe. Feteleza wa 23:10:5+6S+1Zn ali nayeko, koma wochepa pa mbewu yobereka miyezi ingapo ngati tsabola. Zimandimvetsa chisoni kuona mlimi atagula matumba odula, munda uli biriwiri, koma pokolola dengu osadzaza.

Nanga potaziyamuyo amagwira ntchito yanji?

Masamba amapanga chakudya cha mbewu, ndipo potaziyamu ndiye amathandiza kuchisamutsira ku zipatso. Akachepa, tsabola amakhala wamng'ono, wa khungu lopyapyala, wopsa mosiyanasiyana, ndipo akauma amapepuka pa sikelo. Mchere umenewu ndi umenenso umatsegula ndi kutseka timabowo ta pa masamba momwe mbewu imatayira madzi. N'chifukwa chake tsabola wodya bwino safota msanga mvula ikadula mu Januwale kapena mu Febuluwale. Tsinde nalo limalimba, ndipo matenda samugwira wamba.

Ndingadziwe bwanji kuti wachepa m'munda mwanga?

Yang'anani masamba akale, a m'munsi. Amayamba chikasu m'mphepete, kenako kuuma ngati awauka ndi moto, pakati pali pobiriwirabe. Zimayambira m'munsi chifukwa mbewu imachotsa potaziyamu ku masamba akale n'kupatsa nsonga ndi zipatso. Vutoli limakonda dothi lamchenga, momwe mvula imatsuka mchere mosavuta, ndi minda yomwe mapesi amachotsedwa chaka ndi chaka. Koma masamba akamaonetsa, zokolola zachepa kale. Kuyezetsa dothi ku Bvumbwe, ku Chitedze kapena ku ARET kumakuuzani musanawokere.

Ndigule uti?

Powokera, D Compound wa fodya uja, 8:18:15, amachita bwino. Pobereketsa pali awiri: MOP, wa potaziyamu 60 pa 100, ndi SOP, wa 50 pa 100 wokhalanso ndi salufa. MOP ndi wotsikirapo mtengo, koma ali ndi kolorayidi, yemwe akachuluka amawaula mizu ndi masamba a tsabola, makamaka m'dimba lothirira nthawi yotentha. Ngati thumba likulola, ine ndingasankhe SOP.

Ndithire liti?

Osati wonse kamodzi. Gawo lina powokera, lalikulu maluwa akayamba, lotsala mukathyola koyamba. Kumbani kadzenje motalikirana ndi tsinde ngati kutalika kwa chala, thirani, kwirirani, ndipo dothi likhale lonyowa.

Ndilibe ndalama. Phulusa lingathandize?

Inde, phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu, bola lisanyowe ndi mvula musanalithire. Wazani mopyapyala, ndipo musalisakanize ndi yuriya chifukwa nayitrojeni amathawira mumpweya. Manyowa a m'khola nawo ngabwino, makamaka ngati mumayala udzu woti uzimwa mkodzo wa ng'ombe, poti potaziyamu wambiri amatulukira mumkodzo. Mapesi a fodya ali naye wochuluka, komabe asalowe m'munda wa tsabola: amatha kubweretsa matenda a mozeyiki, opiringiza masamba, omwe alibe mankhwala.

Kodi tsabola adzawawa kwambiri?

Kuwawa kumachokera ku mtundu wa mbewu, kenako nyengo. Feteleza sangasandutse paprika kukhala kambuzi. Chomwe potaziyamu wokwanira amakometsa ndi kufiira kwa tsabola, kulemera kwake, kusungika kwake, ndi vitamini C wa m'tsabola wamuwisi. Wogula tsabola wouma amayang'ana maonekedwe asanatchule mtengo, choncho kufiira kumeneko ndi ndalama.

Ndikathira wambiri, ndikolola zambiri?

Ayi. Pali malire omwe mukawapyola zokolola sizikweranso. Choipa china n'chakuti potaziyamu wochuluka amatsekereza mizu kuyamwa kashiamu ndi maginiziyamu. Mukatero mudzaona zipatso zikuda ndi kuwola kunsonga, masamba akuchita chikasu pakati pa mitsempha. Zikayamba zimenezi, lekani kuthira, thirirani madzi mosadumphitsa masiku, ndipo itanani alangizi adzaone munda.