Makalata a Omvera: Webusaiti Yakana Kuyenda pa Seva

Zikomo achimwene a ku Monkey Bay chifukwa cha kalata yanu. Mwati webusaiti yolemberapo alendo pa loji yanu imayenda bwinobwino pa laputopu, koma mutaisamutsira pa seva ya mu ofesi, anzanu akatsegula pamangoti mbee.

Yambani ndi kufufuza localhost m'mafayilo anu. Adiresi imeneyi imaloza kompyuta yomwe munthu wakhalapo, ndiye mnzanu wolandira alendo akadina, kompyuta yake imadzifunafuna yokha. Ikanipo IP address ya seva, ndipo ikhale yokhazikika, isamasinthe rauta ikazima n'kuyakanso. Onaninso kuti firewall yatsegula port 80.

Kukopera mafayilo okha sikokwanira. Mayina a alendo amakhala mu database, choncho itulutseni ndi phpMyAdmin, mukailowetse pa sevapo. PHP ikhalenso yofanana mbali zonse.

Koma chondidetsa nkhawa ine n'china. Ngati munagwiritsa ntchito XAMPP, dziwani kuti akaunti ya root ya database imabwera yopanda password. Mmenemo muli manambala a mapasipoti a anthu, achimwene! Tsekani lero lomwe.

Komanso kunyanjako mu Okutobala kumatentha koopsa. Seva musaiike m'kachipinda kopanda mpweya, ndipo igulireni UPS. Tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Madzulo aliwonse koperani database pa hard drive ina, musunge kunja kwa ofesi.

Mukayesa, mutilemberenso kuti timve mmene zayendera.