KUDZIWA MSINKHU WA BAJI YA MSILIKARI

Anzanga, m'midzi mwathu muli mabokosi a azigogo athu amene anali asilikari a King's African Rifles, gulu lija anthu amangoliti Keyala. M'mabokosimo mumapezeka tizitsulo timene ankabaya pa cipewa, ndito mabaji. Ine ndimakonda kuwasonkhanitsa, ndipo ndifuna kukuuzani m'mene baji imaululira yokha zaka zace.

Coyamba tizindikire gulu. Baji ya Keyala iri ndi lipenga lolendewera pa zingwe, ndi cisoti cacifumu pamwamba. Nambala imene iri pamenepo ndiyo ya bataliyoni. 1 ndi 2 anali a Nyasaland, 3 ndi 5 a Kenya, 4 a Uganda, ndipo 6 a Tanganyika. Gululi linayamba m'caka ca 1902, ndipo kwathu kuno linatha mu 1964 pamene linasanduka Malawi Rifles. Tsono baji iriyonse ya asilikari athu a Keyala iri pakati pa zaka ziwirizi.

Caciwiri ndico cacikuru: penyetsetsani cisoti cacifumu cija. Ngati nsonga yace iri yotumphuka bwino ngati mphika wovundikira, ndi cisoti ca mafumu aamuna, kuyambira Edward VII kufikira George VI amene anamwalira mu 1952. Koma ngati pakati pace, pansi pa kamtanda, pali polowa ngati cigwa, ndi ca Mfumukazi Elizabeth II, cimene cinayamba kuoneka mu 1953. Dzina lisakunyengeni, pakuti gululi linachedwabe “King's” ngakhale pa mpando panali mkazi.

Taonani phindu lace. Munthu akakugulitsani baji ya cisoti cacigwa nanena kuti inapita ku nkhondo ya Jeremani ya 1914 mpaka 1918, kapena ku Burma mu 1944, akunama. Komabe cisoti cakale sicinaleke tsiku limodzi, cifukwa asilikari anavalabe mabaji amene anali nawo kufikira atalandira atsopano.

Cacitatu, tembenuzani baji. Kumbuyo kuli timphete tiwiri tolowetsamo kawaya, kapena kacitsulo kathyathyathya kotsomeka m'cipewa. Yesaninso kulemera kwace. Mabaji akale ambiri ndi a mkuwa, olemerera m'dzanja. Opepuka onyezimira a aluminiyamu anadza m'magulu a Angerezi nkhondo ya Hitler itatha kale.

Potsiriza ndikupemphani zinthu ziwiri. Musakwecese baji ndi mcenga kapena phulusa monga acitira ndi mapoto, cifukwa zilembo zikafufutika mboni yafa. Ndiponso funsani akuluakulu akadali moyo dzina la mwini baji, mudzi wace ndi kumene anamenya nkhondo, mulembe pa kapepala, musunge pamodzi. Cisoti cingatiuze nthawi, nambala ingatiuze bataliyoni, koma dzina la munthu baji siingathe kulichula.