Mukagula masheya mutaphimbidwa m'maso: njira yodandaulira ku Australia

Mu 2005 kampani ya Backoffice Investments inalipira madola a ku Australia 850,000 pogula sheya imodzi mwa ziwiri za kampani ya Healthy Water ku New South Wales. Miyezi ingapo itapita, eni awiriwo anayambana, bizinesi n'kugwa. Wogula anati mapepala amene anapatsidwa anakokomeza malonda ndi phindu. Mlanduwo, wa wogulitsayo, Campbell, ndi Backoffice Investments, unakafika ku High Court mu 2009, ndipo ngakhale kumeneko sunathere pomwepo: mbali ina anaibweza kukhoti laling'ono. Ngati nanunso ndalama zanu zalowa m'madzi chonchi m'dzikoli, yendani motere.

Yambani ndi kusonkhanitsa zonse zimene munauzidwa musanalipire: maimelo, mauthenga a pafoni, malipoti a chuma cha kampani, mgwirizano umene munasaina. Zapakamwa zilembeni lero lomwe, ndi tsiku lake ndi amene analipo. Kenako lozani chiganizo chenicheni chimene chinakusokeretsani. Kungoti "anandipusitsa" woweruza sangakugwirire ntchito.

Dziwaninso lamulo limene mwaimapo. Masheya amawerengedwa ngati katundu wa zachuma, choncho loya wanu adzayang'ana gawo 1041H la Corporations Act ya 2001 ndi gawo 12DA la ASIC Act. Ubwino wa malamulowa ndi woti simufunika kusonyeza kuti wogulitsa ananama dala. Munthu wachilungamo amene anakupatsani manambala olakwika angapezeke wolakwa ndithu. Kukhala chete pa nkhani imene munayenera kuuzidwa nakonso kungawerengedwe. Zonena za m'tsogolo, monga "chaka chamawa phindu likwera", zimakhala zosokeretsa ngati wonenayo analibe maziko omveka.

Tsopano pamene ambiri amagwera. Muyenera kusonyeza kuti mawu olakwikawo ndiwo anakutayitsani ndalama. Loya wa mbali inayo adzakufunsani modekha kuti, "Mukanadziwa zoona, mukanagulabe?" Ngati pali imelo imene munalemba kuti manambalawo simukuwakhulupirira koma bizinesiyo mwaikonda, adzaiwerenga mokweza. Ngati akauntanti wanu anakuchenjezani inu n'kunyozera, khoti likhoza kuchepetsa chipukuta misozi chifukwa cha kusasamala kwanu. Ine ndimaona kuti munthu ayenera kudzifunsa yekha funso limeneli kunyumba, asanapereke ndi tambala yomwe kwa loya. Koma musagwe mphwayi chifukwa cha ndime ya mumgwirizano yonena kuti simunadalire mawu ena alionse kunja kwa pepalalo. Ndime yotere ndi umboni chabe, siifafaniza lamulo.

Kwa amene anagula pa msika wa masheya wa ASX zinthu zinafewako. Mu 2016, pa nkhani ya HIH Insurance, khoti la ku New South Wales linavomereza kuti wogula akhoza kudandaula ngakhale sanawerenge yekha lipoti labodzalo, malinga bodzalo linakweza mtengo pamsika.

Ndiye werengerani zimene mwatayadi. Nthawi zambiri khoti limachotsa mtengo weniweni wa masheyawo pa tsiku logula kuchoka pa ndalama zimene munalipira, ndipo izi zimafuna katswiri wodziwa kuyika mtengo pa kampani. Onani za sitolo za Myer. Mu Seputembala 2014 mkulu wake, Bernie Brookes, ananena kuti phindu lidzaposa madola 98.5 miliyoni a chaka chathacho. Pofika Marichi 2015 kampaniyo inalengeza kuti likhala pakati pa 75 ndi 80 miliyoni. Mu 2019 woweruza Beach anapeza kuti Myer inasokeretsadi msika pochedwa kukonza mawu akewo, koma anati odandaula sanasonyeze kuti anataya kanthu, poti akadaulo a pamsika anali atakayikira kale lonjezolo. Anapambana pa bodza, m'thumba osalowa kalikonse.

Musanasumire, fufuzani ngati wosumiridwayo ali nazo zolipira. Kuyambira 2010, kampani ikagwa, madandaulo a eni masheya amaima kumbuyo kwa angongole ena onse, ndiye nthawi zina nzeru ndi kuloza wogulitsa mwiniyo kapena madairekitala. Ngati anakusokeretsani ndi mlangizi wa zachuma, bungwe la AFCA limamva madandaulo kwaulere. Ngati ogula muli ambiri, funsani ngati pali mlandu wa gulu umene watsegulidwa kale. Kumbukiraninso kuti wogonja kukhoti kawirikawiri amalipira gawo la ndalama za maloya a mnzake.

Kwathu timati mlandu suola, koma uwu umaola. Gawo 1041I limapereka zaka 6 kuchokera pamene chifukwa chosumira chinabadwa, ndipo kawirikawiri limakhala tsiku limene munagula masheyawo. Tengani risiti, onani deti, mukaonane ndi loya sabata ino.