Wolowa Ntchito ku Yunivesite Ayambanso Kuphunzira

Masiku ano si chinthu chachilendo kumva kuti mwana wa m'parishi mwathu walembedwa ntchito ku yunivesite. Makolo akondwa, abale adza kudzamgwira chanza, ndipo ambiri anena mumtima mwao kuti: Basi, sukulu yatha, tsopano ndi nthawi ya kudya. Maganizo amenewa ndiwo tifuna kuwaongola m'phunziro la lero, pakuti munthu amene walowa ntchito pa sukulu ya ukachenjede, tsiku lomwelo ayamba sukulu ina, yaitali kupambana ija watsiriza. Ndipo ngati a kwao samvetsa zimenezi, adzamsenzetsa katundu khosi lisanalimbe.

Tiyambe ndi kumene tachokera. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri mu Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. Pa nthawiyo Amalawi a digiri anali owerengeka, kotero aphunzitsi ambiri anachokera kunja. Mkulu woyamba woyendetsa yunivesiteyo, Dr Ian Michael, anali Mngelezi, ndipo panapita zaka zoposa 25 kuti Mmalawi, Brown Chimphamba, akhale pa mpando umenewu. Taonani tsono: nyumba ya sukulu amisiri aimanga m'zaka ziwiri kapena zitatu, koma kuumba aphunzitsi oti aidzaze kutenga m'badwo wathunthu.

Kuno ku Lilongwe tiri nazo sukulu zathu. Koleji ya za ulimi ya Bunda, kufupi ndi Mitundu, inatsegulidwa m'zaka zomwezo za m'ma 1960, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa yunivesite yoima payokha ya LUANAR, imene inalandiranso koleji ya Natural Resources. Koleji ya anamwino ya Kamuzu, pafupi ndi chipatala chachikulu cha mu mzinda, inayamba mu 1979, ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi koleji ya madokotala ya ku Blantyre nizikhala yunivesite imodzi ya KUHeS. Onjezanipo mayunivesite a mipingo ndi a anthu ena amene achuluka mu mzinda muno. Sukulu zikachuluka chotere, zifuna antchito atsopano, ndipo ambiri a iwo ndi anyamata ndi atsikana amene dzulo lomweli anali pa benchi.

Nanga munthu akwera bwanji pa ntchito imeneyi? Mwambo wa mayunivesite a boma ndi wakuti wophunzira amene wakhoza bwino kwambiri digiri yoyamba amtenga akhale Staff Associate, ndiko kunena wothandiza amene akali kuphunzira ntchito. Pamwamba pake pali Assistant Lecturer, Lecturer, Senior Lecturer, Associate Professor, ndi Professor kumapeto. Makwerero amenewa sakwera ndi imvi. Munthu angakhale pa ntchito zaka 15, ngati alibe digiri yachiwiri ya Masters, imene itenga ngati zaka ziwiri, adzaona anzake a m'mbuyo akumpitirira. Ndipo wofuna kufika pamwamba ayenera kukhala ndi PhD, ya zaka zitatu, zinayi kapena kuposa, ndiponso kuchita kafukufuku ndi kulemba zimene wapeza kuti akatswiri anzake aziyese. Bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, la NCHE, limene linakhazikitsidwa mwa lamulo la 2011, likamayendera sukulu, chimodzi mwa zinthu zimene lifunsa ndicho maphunziro a aphunzitsi ake.

Koma pali chinthu chimene digiri siipereka, ndipo apa inu akatekisiti mudzatimva msanga. Kudziwa chinthu ndi kwina, kuchiphunzitsa ndi kwinanso. Mphunzitsi wa ku pulayimale apita ku koleji kukaphunzira kaphunzitsidwe asanampatse kalasi; koma katswiri wa za nthaka, wa za ziweto kapena wa za uzamba, kawirikawiri afika pamaso pa ophunzira ndi nzeru za phunziro lake zokha. Adziwa bwino chimene mizu ya nyemba ichita m'nthaka, koma palibe anamuonetsa m'mene angafotokozere zimenezi kwa anthu mazana awiri m'holo imodzi, ena a iwo ochokera ku sukulu zimene zinalibe ngakhale chipinda choyeseramo za sayansi. Sanaphunzire kukonza mafunso a mayeso amene ayesa kumvetsa m'malo mwa kuloweza, kapena kuchonga mapepala mwa muyeso umodzi, kuti pepala la usiku atatopa lilandire chilungamo chomwecho cha pepala la m'mawa. Kuyambira 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa sukulu, anawonjezerapo kuphunzitsa pa intaneti, kumene mphunzitsi saona nkhope zoti zimuuze kuti anthu asokera.

Chifukwa chake masiku oyamba ndi a mtengo wapatali. Mayunivesite ambiri akonza maphunziro achidule a antchito atsopano, ndipo ena awanyoza nati ndi kutaya nthawi. Ife tiona kuti kulakwa kwao n'kwakukulu, ngakhale tivomereza kuti masiku ochepa otere sakwanira. Chimene chiumba mphunzitsi ndicho kukhala pafupi ndi wamkulu wodziwa ntchito: kukakhala kumbuyo m'kalasi mwake ndi kuona m'mene ayankhira funso lopusa popanda kuchititsa munthu manyazi, kumuonetsa mafunso ako a mayeso asanasindikizidwe, kumupempha adzakumvere iwenso ndi kukuuza poyera pamene wapunduka. Safunsa anadya phula. Ndipo inu akulu a m'madipatimenti, musamuone wachinyamata ngati bulu wosenzera makalasi onse amene inu mwatopa nawo; mukamdzaza ntchito kuyambira m'mawa kufikira madzulo, adzawerenga liti?

Lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, lilola nthawi yoyesedwa kwa wantchito waluso, koma isapitirire miyezi 12. M'miyezi imeneyi akulu ayang'ana luso, ayang'ananso khalidwe. Mnyamata wa zaka 25 apatsidwa mphamvu pa malikisi a anthu a msinkhu wake, ndipo malikisi ndiwo tsogolo lao. Adzabwera wina ndi ndalama, wina ndi misozi, wina ndi dzina la mbale; ndipo mphunzitsi woipa adzaona kuti mtsikana woopa kulephera ndi wosavuta kumuopseza. Malamulo a sukulu aletsa zimenezi, ndipo wantchito watsopano awawerenge sabata yoyamba, adziwenso kumene wophunzira wolakwiridwa angakadandaule.

Tisaiwale kuti yunivesite si aphunzitsi okha. Alipo osunga mabuku, owerengera ndalama, olemba mayina ndi malikisi, oyang'anira zipangizo za sayansi, ndi a ku munda ndi ku khola ku Bunda. Wolemba malikisi akalakwitsa nambala imodzi, mwana wa munthu abwerera kumudzi. Nawonso ayenera kunola luso lao, kaya pa ntchito pomwepo, kaya m'sukulu zonga ya MIM ku Kanengo ndi ya Mpemba, zimene lamulo la 2022 linaziphatikiza kukhala Malawi School of Government.

Tsono ifika nthawi ya kupita kukaphunzira. Kale njira yaikulu inali ya kutsidya kwa nyanja, monga mwa thandizo la Commonwealth limene linayamba mu 1959. Lero ziliponso njira za mu Africa momwemuno. Bungwe la RUFORUM, limene linayamba mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Kampala, linakonza zakuti mphunzitsi wa yunivesite ina akachite PhD ku yunivesite inzake osalipira fizi, iye n'kumathandiza kuphunzitsa kumeneko. Ndipo Bunda nayo yalandira ophunzira a mayiko ena odzachita PhD ya za nsomba. Wopita asaina pangano lakuti akabwera adzatumikira sukulu yake zaka zakuti. Ena sabwera. Sitikana kuti malipiro a kunja ndi okoma, koma amene achita zotere akumbukire kuti pa zaka zonse anali kulibe, anzake anamsenzera makalasi ake, ndi kuti malo amene anatenga akanapita kwa wina.

Inu makolo, zaka zimenezi ndizo zofuna chipiriro chanu. Mukadutsa ku Area 9 kapena ku Area 10 n'kuona nyumba za mipanda, musafulumire kufunsa mwana wanu kuti yake ili kuti, pakuti malipiro a Staff Associate ndi apansi pa aphunzitsi onse, ndipo ndalama ya wophunzira kunja ikwanira chakudya ndi pogona pake. Ambiri asiya mwayi wa Masters chifukwa kwao anati fizi ya ang'ono ake, feteleza ndi malata zonse zili pa iye, nayamba kuthamanga m'sukulu zitatu kuphunzitsa maganyu, m'mawa ku Bunda, madzulo ku Old Town, Loweruka ku City Centre. Akapita, mkazi kapena mwamuna wake atsala ndi ana zaka zitatu kapena zinayi. A m'mphakati mwake amuyendere, amuthandize pa matenda ndi pa sukulu ya ana, kufikira mnzake atabwera.