PHUNZIRO LA ZA UMOYO: SIKELO IKALEKA KUTSIKA

M'minda ya tiyi ya ku Thyolo, monga ku Satemwa, ku Naming'omba ndi ku Makandi, muli anthu amene adya ufa wa chigayo chimodzi, koma matupi ao sautentha mofanana. Wothyola tiyi alawira m'mamawa dengu liri kumsana, nakwera ndi kutsika zitunda kufikira dzuwa litapendeka, makamaka kuyambira Disembala kufikira Epulo pamene masamba aphuka kwambiri. Ameneyo adye nakhute. Phunziro lino siliri lake ai. Tinena ndi akalaliki, madalaivala, aphunzitsi ndi eni magolosale, amene nchito yao ndi ya pampando, ndipo dokotala anawalamula kuchepetsa thupi chifukwa cha nthenda ya shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Anthu otere sali owerengeka: kafukufuku wa za umoyo wa m'Malawi wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amai 100 ali onse a zaka 15 kufikira 49, amai 21 anali olemera kopitirira muyeso.

Munthu akayamba kudya mochepa, miyezi yoyamba sikelo imkondweretsa. Tsono ifika nthawi imene sikeloyo iima nji, sabata ndi sabata, ngakhale mwini wake anenetsa kuti sanasinthe kanthu. Ambiri ataya mtima pomwepo nabwerera ku madyedwe akale. Nanga sikeloyo iimiranji?

Mphamvu ya m'chakudya anzeru aiyesa ndi muyeso wochedwa kalori. Thupi lalikulu litentha makalori ambiri, monga ng'anjo yaikulu itha nkhuni zambiri. Kalaliki amene anali wa makilogalamu 90 natsikira pa 80, thupi lake tsopano lifuna makalori ochepera ndi 200 kapena 300 pa tsiku, kotero kuti mbale ija imene inali kumchepetsa yangosanduka yomkwanira. Ndiponso thupi likaona chakudya chachepa, liyamba kuumira mphamvu zake. Izi anazionetsa Ancel Keys ku Minnesota, m'dziko la America, mu 1944 ndi 1945, pamene amuna 36 odzipereka anadya pafupi theka la chakudya chao kwa miyezi 6. Anataya ngati gawo limodzi mwa magawo anai a kulemera kwao, ndipo mphamvu imene matupi ao anali kutentha popumula inatsika ndi magawo pafupi 40 mwa 100.

Chifukwa china n'chowawa kumva. Mu 1992 madokotala a ku New York anayesa anthu amene anali kudandaula kuti adya pang'ono koma saonda, napeza kuti anthuwo sanali kuwerengera pafupi theka la zimene anali kudya. Sanali kunama dala. Kamwa liiwala msanga. Taonani za kwathu kuno. Tiyi wopanda kanthu alibe makalori oti tiwerenge, koma kasupuni kamodzi ka shuga kali ndi 16. Wothira masupuni atatu m'kapu, namwa makapu anai pa tsiku, wamwa makalori pafupi 200 asanagwire mtanda wa nsima. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira iri ndi 120. Onjezanipo mandasi a pa geti, thobwa la ku chinkhoswe ndi kabotolo ka zozizira pa tsiku la malipiro.

Tsono masiku ano yamveka njira yakuti munthu asadye muyeso umodzi masiku onse, koma tsiku lina pang'ono, tsiku lina mochulukirapo, ati kuti thupi lisazolowere. Tiyerekeze kuti dokotala wakuikirani makalori 2,000 pa tsiku. Pa sabata akwana 14,000. Mungathe kudya 1,800 masiku asanu a nchito, ndi 2,500 Loweruka ndi Lamulungu, ndipo chiwerengero cha sabata chikhala 14,000 chomwecho.

Kodi njirayi ipambana inzake? Anzeru anaiyesa. Ku Chicago, mu 2017, anafalitsa zimene anapeza pa anthu 100 amene anawatsata chaka chathunthu. Gulu lina linali kudya gawo limodzi lokha mwa magawo anai tsiku lina, ndi kudya kwambiri m'mawa mwake; gulu lina linali kungochepetsa pang'ono tsiku ndi tsiku. Potha chaka magulu onse awiri anatsika pafupi chimodzimodzi, ndipo olekera panjira anachuluka pakati pa osinthasintha aja. Chaka chomwecho ku Australia, Nuala Byrne ndi anzake anafotokoza za amuna 51 onenepa. Theka anachepetsa chakudya masabata 16 osalekeza. Theka lina anali kuchepetsa masabata awiri, napumula masabata awiri akudya chongokwanira thupi lao. Mwa amene anatsata malamulo kufikira mapeto, opumulawo anataya makilogalamu ngati 14, anzao ngati 9. Komatu zindikirani kuti ulendo wao unatenga masabata 30, ndi kuti popumulapo chakudya chao chinali choyezedwa ndithu, sichinali cha phwando ai.

Ife tiona motere: thupi silipusitsidwa ndi tsiku limodzi la njala ndi lina la kukhuta, pakuti liwerenga zonse za sabata ndi za mwezi. Ubwino wa kusinthasintha uli pa kupirira. Munthu wodziwa kuti Lamulungu adzadya nkhuku pamodzi ndi banja lake apirira msanga nkhwani ndi nandolo za Lachiwiri. Ndiponso n'kwanzeru kulinganiza mbale ndi nchito ya tsikulo. Kapitao amene wayenda m'mizere ya tiyi tsiku lonse ayenera mitanda yoposa ya tsiku limene wangokhala pa khonde, ndipo mphunzitsi wolima munda wake Loweruka asadzimane tsiku lomwelo.

Amene sikelo yake yaima ayambe wadikira masabata atatu kapena anai, popeza madzi a m'thupi akwera ndi kutsika, makamaka kwa amai ndi kwa okonda mchere. Adziyese pa sikelo imodzimodzi, m'mawa asanadye, kamodzi pa sabata. Alembe m'kabuku chiri chonse cholowa m'kamwa kwa masiku 7, osabisa. Pambuyo pake achotse shuga ndi mafuta asanachotse ndiwo, asankhe mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ndipo ayende pansi pamene kale anali kukwera kabaza.

Mau amodzi kwa inu akatekisiti. Pa Lenti akhristu ena adzakufunsani ngati angathe kuphatikiza njirayi ndi kusala kudya. Muwakumbutse kuti lamulo la kusala pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera ligwira oyambira zaka 18 kufikira 59, ndi kuti odwala silimawakakamiza. Wakumwa mankhwala a shuga kapena wobaya jakisoni wa insulini akachepetsa chakudya mwadzidzidzi, shuga angathe kutsika kwambiri mpaka munthu kukomoka. Wotereyo, pamodzi ndi amai apakati, oyamwitsa ndi odwala chifuwa chachikulu, asasinthe muyeso wa chakudya asanakaonane ndi dokotala ku chipatala cha boma cha Thyolo, ku Malamulo, kapena ku chipatala cha pa esiteti pao.