Masekondi khumi otsiriza: n'chifukwa chiyani dzanja limanjenjemera pa free throw?

Mu basketball mulibe pointi yophweka kuposa ya free throw. Wosewera amaima pa mzere womwe uli mamita 4.6 kuchokera pa bolodi, ringi ili mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo palibe womutchinga. Miyezo imeneyi sisintha, kaya ndi mu kota yoyamba kaya yomaliza. Nanga bwanji munthu amene amagoletsa bwinobwino pa tireningi amaphonya masewero akatsala pang'ono kutha? Lero ndikufuna tione zimene zimachitika m'thupi ndi mu ubongo pa nthawi imeneyo.

Tiyambe ndi chitsanzo. Mu 2008, pa fainolo ya mayunivesite ku America, timu ya Memphis inkatsogola ndi mapointi 9 kutatsala mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa. Kenako inaphonya ma free throw anayi mwa asanu omaliza. Imodzi mwa imeneyo anaphonya Derrick Rose, mnyamata wa zaka 19, kutatsala masekondi pafupifupi 10. Kansas inafananitsa mapointi, ndipo m'nthawi yowonjezera inapambana 75 kwa 68. Rose yemweyo mu 2011 anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa mu ligi ya NBA ali ndi zaka 22. Ndiye vuto silinali luso ayi.

Si Rose yekha. Mu 2011 ofufuza atatu, Cao, Price ndi Stone, anasanthula ma free throw a mu NBA. Anapeza kuti m'masekondi omaliza a masewero othinana, pa mipira 100 iliyonse osewera amagoletsa mipira yochepera ndi 5 mpaka 10 poyerekeza ndi nthawi zonse. Akatswiri olipidwa ndalama zankhaninkhani nawonso amagwidwa njenjenje.

Mbali yoyamba ndi ya thupi, ndipo mwina munaiphunzira kale mu Bayoloje. Ubongo ukaona kuti zinthu zafika povuta, umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tomwe tili pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa homoni ya adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, kupuma kumathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, minofu imakungika. Zonsezi n'zothandiza ukamathawa mvuu m'mbali mwa Shire. Koma free throw imafuna zala zofewa, ndipo minofu ikangokungika pang'ono mpira umamenya chitsulo. Kuno ku Mangochi timawonjezerapo kutentha kwa Okutobala. Thupi likataya madzi ambiri, mtima umagwira ntchito yochuluka, choncho mu kota yachinayi umakhala ukuthamanga kale mantha asanafike.

Mbali yachiwiri ndi imene ine imandisangalatsa kwambiri. Taganizani za mnyamata wa ku Chembe kapena ku Makawa amene anakulira pa bwato. Akamapalasa saganiza kuti nkhafi aigwire pati, kapena chigongono achipinde motani. Manja amangochita okha pomwe iye akucheza. Luso lililonse lomwe walibwereza kambirimbiri limafika potero. Tsono mantha akabwera, munthu amafunitsitsa kuti asalakwitse, ndiye amayamba kulondera chiwalo chilichonse: chigongono chili bwino? Mawondo ndapinda mokwanira? Ntchito yomwe inkayenda yokha imaduka zidutswazidutswa, ngati mmene ankachitira ali wophunzira kumene. Sian Beilock ndi Thomas Carr anaonetsa zimenezi mu 2001 pa kafukufuku wa masewero a gofu. Mwachidule, mantha salanda luso, amangolisokoneza poika maganizo pamalo olakwika.

Nkhani yabwino ndi yakuti izi zili ndi mankhwala, ndipo ndi aulere.

Choyamba ndi maso. Joan Vickers wa ku University of Calgary, ku Canada, anajambula mayendedwe a maso a osewera basketball. Mu 1996 anafalitsa zomwe anapeza: ogoletsa bwino amayang'anitsitsa ringi kwa nthawi yotalikirapo asanaponye, pomwe ena maso awo amangodumphadumpha. Sankhani malo amodzi pa ringi, monga chitsulo chakutsogolo, n'kukhazika maso pamenepo. Maganizo akakhala pa ringi, sakhalanso pa chigongono.

Chachiwiri ndi chizolowezi. Musanaponye, muzichita zofanana nthawi zonse: kugunditsa mpira pansi katatu, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, kuyang'ana ringi, kuponya basi. Kutulutsa mpweya mofatsa kumathandiza kuti mtima utsike liwiro. Chizolowezicho chikhale chachifupi, chifukwa malamulo a FIBA amapereka masekondi 5 okha. Mu 2021 ochemerera matimu ena ankawerenga mokuwa Giannis Antetokounmpo akamachedwa pa mzere, pofuna kumusokoneza. Koma pa masewero omwe Milwaukee inatengera chikho, iye anagoletsa ma free throw 17 mwa 19.

Chachitatu ndi kuzolowera mantha. Mu 2009 ofufuza a ku Netherlands, Oudejans ndi Pijpers, anapeza kuti osewera basketball amene ankachita tireningi ali ndi kankhawa pang'ono sankatsika pa nthawi yovuta, pomwe anzawo ochita tireningi mwamtendere ankatsika. Kwathu kuno umboni tili nawo ku mpira wa manja. Mu 2018 ku Gold Coast, ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pa masewero a Commonwealth, ndipo Mwawi Kumwenda anali pansi pa ringi mpaka wezulo yomaliza. Pa nthawiyo n'kuti atasewera kwa zaka zingapo m'maligi a ku Australia ndi New Zealand, pamaso pa chikhamu cha anthu sabata ndi sabata.

Musangondikhulupirira, yesani nokha. Pezani anzanu asanu, wotchi ndi kope. Ngati pa sukulu panu palibe ringi ya basketball, ya mpira wa manja ikwanira. Aliyense awerenge kugunda kwa mtima pa mkono kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa ndi 4, kenako aponye ka 20 pamalo pali zii. Tsiku lotsatira bwerezani, koma anzanu azikuwa, ndipo wogoletsa zochepa asese bwalo. Musathamange kaye, kuti kutopa kusasakanikirane ndi mantha: pa kafukufuku timasintha chinthu chimodzi chokha. Mipira 20 ndi yochepa, mwayi ungathe kukunamizani, ndiye chitani zimenezi kwa masabata awiri kapena atatu musanagamule.

Mwina mukuti, "Ine mpira sindisewera, zikundikhudza pati?" Zikukukhudzani m'chipinda cha mayeso a MANEB. Kumeneko adrenaline ndi yomweyo, koma vuto limabwera mwa njira ina. Samu imafuna kuti musunge manambala angapo m'mutu nthawi imodzi, ndipo malo osungirawo ndi ochepa. Nkhawa ikalowa imadya malowo. Mu 2011 Ramirez ndi Beilock anapeza kuti ophunzira amantha amene analemba nkhawa zawo pa pepala kwa mphindi 10 mayeso asanayambe anakhoza bwino kuposa anzawo amantha omwe sanalembe.

Ndiye ngati muli Fomu 4, mapepala akale musamangowayankha mutagona pa mphasa, buku lili pambali. Khalani pa desiki, tsekani buku, ikani wotchi patsogolo, mnzanu akhale woyang'anira. Mtima ugunda ndithu, ndipo cholinga chake n'chomwecho: uzolowere panopa, tsiku la MSCE lisanafike.